Mbale Yokhala ndi Mtanda Kunsi

Mbale ya amai ndinkaitsuka pomaliza, zina zonse zitauma kale pathandala. Sopo anali atasowa m'masitolo chaka chimenecho, choncho ndinkatapa phulusa ndi zala, n'kuwaza m'mbalemo, n'kuyamba kukwecha ndi chitsononkho. Ndinkayambila pakati n'kumapita m'mphepete, momwe utoto wabuluu unali utasupuka. Kenako ndinkaitembenuza. Kunsi kwake kunali kamtanda komwe atate analemba ndi msomali kuti wina asalakwitse n'kudyelamo. Phulusa linkalowa m'kamtandako n'kukadetsa, ndipo ine ndinkachedwa pamenepo, kulitokosa ndi kamtengo.

"Agness, mbale imodzi imeneyo mpaka dzuwa lifike pamutu?" anafuula azakhali a Consolata, mlongo wa atate, ali kuseli kwa mpanda wawo. "Kusukulu kwanuko amaphunzitsanso kusisita mbale?"

Ndinapitiliza kutokosa kamtandako. Kuyankha kumandivuta kuyambila ndili mwana. Mawu ndimakhala nawo, koma amafika pakhosi n'kubwelela.

Amai sankakhala nafe m'nyumba. Ankakhala m'kanyumba ka udzu kudimba kwathu, kumunsi kwa mudzi, kuno ku Nyampande. Ine ndinali Fomu 3 ku Petauke, ndipo nditabwela patchuthi ndinapeza atasamutsidwa kale.

Zinayamba ndi kabala kakang'ono. Potunga madzi othilila ndiwo za lepu padziwe la kudimba, chitini chong'ambika chinawacheka kuseli kwa dzanja lamanja, pafupi ndi chala chaching'ono. Munthu wa dimba aliyense amachekedwa. Anamanga kansanza n'kupitiliza kuthilila. Koma balalo silinapole. Linatupa pang'onopang'ono, khungu n'kulimba ngati chikopa, n'kuchita timibulu tofiila totuwa pamwamba. Tina tinkaphulika n'kutuluka madzi, n'kuuma, n'kuphulikanso. Kukiliniki anawabaya jekeseni koma sizinasinthe. Mvula inabwela n'kupita, chilondacho n'kumakwawa kulowela kuzala.

Amene anayamba kutchula khate anali azakhali. Mwana wawo Christabel anali atapeza mwamuna, mphunzitsi, ndipo akuchimuna anali atayamba kubwela kudzaona banja.

"Alongo," anatelo kwa atate, "anthu akamva kuti pakhomo pano pali khate, ndani adzakwatila ana athu? Ngakhale Agness wanuyu, ndi Fomu yakeyo, ndani?"

Atate, a Eustace Mumba, ndi munthu wosakonda phokoso. Akaona mkangano amanyamula nkhwangwa n'kulowa kutchile. Anavomela kuti amai ayambe akhala kudimba, "mpaka tione."

Malamulo anaika ndi azakhali. Amai asaphike, asagwile mchele, asafike pachitsime cha m'mudzi. Kusamba ndi kutsuka chilonda, zonse padziwe lomwelo pomwe ng'ombe zimamwela, kuti nthenda ithele kumeneko. Amai anamvela zonse. M'mawa ndi madzulo ankakhala pamwala, n'kukankha ndele ndi dzanja lamanzele, n'kuviika lamanjalo m'madzi mpaka m'mkono. Ankati kuzizila kwake kumachepetsa kuyabwa.

Chakudya ndinkawapelekela ndine. Azakhali anandiuza kuti ndiziika mbale pachitsa n'kubwelela m'mbuyo, koma iwo akakhala kuti sakuona ndinkakhala pansi pafupi ndi amai.

"Atate ako adya?" anandifunsa amai tsiku lina.

"Adya."

Analawa nyemba n'kukwinya nkhope. "Mchele wonsewu? Ufuna kuwapha? Mwamuna wako adzakubweza ndi mapoto omwe."

"Sindidzakwatiwa."

"Onse amatelo ali Fomu 3."

Anaseka, kenako anafunsa za nkhuku zawo, ngati yamawanga ija inaswa. Anafunsanso za nsalu ya pazenela la kuchipinda, imene anaisiya atapinda mbali imodzi chabe, singano ili momwemo.

"Usaigwile," anatelo. "Iwe umasoka ngati ukumanga thumba la chimanga. Ndidzamaliza ndekha ndikabwela."

Ndinkayang'ana dzanjalo iwo akudya ndi lamanzele. Kusukulu kunabwela namwino kudzatiphunzitsa za khate, ndipo anati khungu logwidwa ndi khate silimva kanthu, ngakhale ulibaye. Ndinathyola kaudzu kouma. Amai atayang'ana kumbali kuthamangitsa mbuzi, ndinawabaya nako m'mphepete mwa chilonda.

"Mayo! Iwe mwana, wapenga?"

"Mwamva?"

"Ndisamve bwanji, dzanja n'langa?"

Madzulo ake ndinapeza atate akusema mpini. Ndinagwada patali pang'ono. "Atate, dzanja la amai limamva kuwawa. Kusukulu anati khate..."

"Ati chiyani a dokota?" Azakhali anali atalowa kale pampanda, atanyamula lichelo. Atate sanadzutse mutu. Ine ndinanyamuka n'kubwelela kukhitchini.

Koma m'mawa mwake ndinadikilila panjila mayi wina wogulitsa nsomba zouma amene ankadutsa ku Nyimba, n'kumupempha kuti akauze amalume a Vitalis ku Ndake, kwawo kwa amai, kuti mlongo wawo akugona kudimba.

Amalume anafika Loweluka, fumbi mpaka m'mawondo. Sanapite kunyumba. Anatsika molunjika kudimba, n'kugwila dzanja lodwalalo ndi manja awo onse awili, n'kulitembenuza uku ndi uku. Atakwela kumudzi mawu awo anamveka mpaka kutchalitchi.

"Alamu! Ng'ombe yanu ikatsimphina mumathamangila wa zoweta. Mlongo wanga mwamuika pamodzi ndi achule!"

"Alamu, tiyeni tiyambe takhala pansi," anatelo atate.

"Ndakhala kale pansi m'basi, zandikwana."

Anatitenga ine ndi amai kupita kuchipatala china chakufupi ndi Nyimba, komwe ankadziwana ndi wothandizila dokota, a Sitali. Anali munthu wamtali wa mtundu wa Alozi, wa ku Mongu, wolankhula Chinyanja mosamala ngati akuwoloka mtsinje pamiyala. Anauza amai kuti atsinzine, n'kuwakhudza ndi thonje apa ndi apo, kenako ndi phini. Amai anamva ponseponse. Anapapasa mitsempha ya m'chigongono, n'kuyang'ana kumsana ndi m'makutu.

"Amai, ili si khate."

"Nanga n'chiyani, bambo?"

"Sindidziwa. Kunama sindifuna."

Anadula kanyama kakang'ono m'mphepete mwa chilonda, n'kukaika m'kabotolo ka mankhwala, n'kunena kuti kapita ku Lusaka komwe kuli anthu odziwa kupima minofu. Yankho lidzachedwa, anatelo, chifukwa magalimoto a boma analibe mafuta.

Amalume anafuna kuti amai adikilile ku Ndake. Amai anakana. "Ndikakhala kuno adzati ukwati watha. Ndi anyezi wanga athilile ndani?" Choncho tinabwelela ku Nyampande. Amalume anafotokoza zonse, azakhali n'kunena kuti Mlozi angadziwe bwanji khate la kuno, atate n'kuti, "Tidikile za ku Lusaka." Amai anatsikanso kudimba, kumwala wawo uja, ine n'kubwelela kusukulu.

Patchuthi chotsatila, thonje litakololedwa, ine, amai ndi amalume tinapitanso kwa a Sitali. Nthawi imeneyo chilonda chinali chitazinga chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho. Zala ziwilizo zinali zitatupa, zosapindika.

A Sitali anatilowetsa m'kachipinda kopimila magazi. A ku Lusaka anali atabweza kagalasi kopyapyala komwe anamatapo kanyama ka amai, katapakidwa utoto. Atamva kuti ndili kusekondale anandikokela mpando pafupi ndi makina oonela tinthu tosaoneka ndi maso.

"Munagwilapo maikulosikopu kusukulu?"

"Kamodzi. Tinaona khungu la anyezi."

"Lelo muona khungu la amai anu. Tsinzinani diso limodzi."

Poyamba ndinangoona kuwala ndi nsidze zanga. Atazunguza kachitsulo ka pambali, zinthu zinaonekela. Panali minofu yofiilila, ndipo pakati pake panali timipila tambilimbili, tina tating'ono, tina tokulilapo, tili ndi khungu lochindikala. M'kati mwa tokulilapoto munali zigawo zopanikizana, chimodzi pakati, zina mozungulila, ngati lalanje lodulidwa pakati. Kena kanali kataphulika, tiana take titamwazika. Tinali tokongola. Ndinachita manyazi kuti ndaganiza choncho.

"Tili ndi moyo?" ndinafunsa.

"Ito tinafa. Koma anzake ali moyo m'dzanja la amai." A Sitali anatembenukila kwa amai ndi amalume. "Mumadziwa ndele za padziwe. Tamoyo iti ndi abale a ndele, koma tilibe kubiliwila. Ndele zimadya dzuwa. Iti sititha kudya dzuwa, ndiye timadya zowola: matope, ndowe, madzi oima. Nthawi zambili munthu sitimuchita kanthu. Koma mwa apo ndi apo tikapeza bala timalowa, n'kukhazikika pansi pa khungu. Kamodzi kamakula, n'kugawikana m'kati, n'kuphulika, ana aja n'kuyambanso chimodzimodzi. Thupi limayesa kutimangila mpanda, ndiyo mibulu mukuionayi. A ku Lusaka akuti n'zosowa kwambili. Ine sindinazionepo, ndipo mwina sindidzazionanso."

"Zimapatsilana?" anafunsa amalume.

"Iyayi. Mutha kudya nawo mbale imodzi, kugona nawo mphasa imodzi. Sizichoka kwa munthu kupita kwa munthu." Kenako anayang'ana amai. "Amai, dzanjali mwakhala mukulitsuka ndi madzi a kuti?"

Amai anayang'ana pansi.

"Padziwe," ndinayankha ine. "M'mawa ndi madzulo. Pomwe ng'ombe zimamwela."

A Sitali anavula magalasi awo n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa malaya. "Sindinganene kuti pakadapanda zimenezo mukadapola," anatelo. "Koma bala lotseguka m'madzi amenewo tsiku ndi tsiku, kunali kutitsegulila khomo."

Mankhwala ake, anatelo, ndi oika m'mitsempha, aukali, ndipo ngakhale ku Lusaka sanalonjeze kuti alipo. Chimene dokota wa pano akanatha ndi kudula nyama yonse yodwala. Koma tamoyoto tinali titafika kale pamitsempha ya zala ziwili zija. Zalazo zinayenela kuchoka.

Amai anabisa dzanja m'chitenje.

"Zala? Bambo, mukandidula zala, ndani kwathu adzakhulupilila kuti si khate?"

Tonse m'chipindamo tinkadziwa momwe anthu amazindikilila wakhate akamuona pamsika.

"Mukazisiya, amai, chaka chamawa tidzakamba za dzanja lonse," anatelo a Sitali.

"Dulani," anatelo amalume. "Mwini mbumba ndine. Dulani."

Amai sanawayang'ane amalume. Anayang'ana ine. "Agness, iwe waona ndi maso ako m'makinamo. Ukawauza atate ako zimene waona?"

"Ndikawauza."

"Osati monong'ona muja umachitila."

"Ndikawauza, amai."

Anawadula. Ndinagona pansi pambali pa bedi lawo mpaka ulusi utachotsedwa. Chilonda cha mpeni chinapola bwino, khungu losalala, lopanda mbulu ndi umodzi womwe. Amai anaphunzila kumanga mpango ndi zala zitatu, ndipo tsiku lina anabweleka singano kwa mayi wa bedi loyandikana n'kuyesa kusoka pachitenje chawo. Mzele unakhota, koma anasoka.

"Ukuonatu," anatelo. "Ndikukuposabe."

Tinafika ku Nyampande masana, dzuwa likuswa mtengo. Amai sanalowe. Anaima m'mphepete mwa bwalo, kamtolo kali pamutu, maso ali pazenela la kuchipinda pomwe nsalu ija inkalendewela mbali imodzi. Atate anatulutsa timipando, koma ka amai anakaika patali, pafupi ndi nkhokwe. Azakhali anabwela akupukuta manja, ndipo anthu ena oyandikana nafe anaima kuseli kwa mpanda.

Amalume anafotokoza. Anafotokoza mokweza, mosokoneza, n'kunena kuti m'dzanja munamela ndele. Wina kuseli kwa mpanda anaseka.

"Ndele m'dzanja la munthu?" anatelo azakhali. "Mailo mudzatiuza kuti munali nsomba. Tiyeni tione, alamu."

Amai anamasula kansalu pang'onopang'ono n'kutambasula dzanja.

Azakhali anabwelela m'mbuyo n'kugwila pakamwa. "Mwaona, alongo? Ndinati chiyani? Zayamba kuthothoka."

"Zadulidwa ndi dokota!" anakuwa amalume.

"Dokota amadula chala chabwinobwino?"

"Chabwinobwino ndani wanena? Inu makutu muli nawo?"

"Ndili ndi maso, bambo. Ndi zala khumi."

Anakangana choncho, aliyense akukwela pamwamba pa mnzake. Atate ankayang'ana nyelele zimene zinkakoka chiwala pafupi ndi phazi lawo. Phokoso litatsika analankhula, osadzutsa mutu.

"Amake Agness. Ine sindikukana zimene anena kuchipatala. Koma anthu amaona ndi maso. Ukwati wa Christabel wayandikila, akuchimuna azibwela pano. Mukayambe mwakhala ku Ndake ndi alamu, pang'ono chabe. Zikatha tidzaona."

Amai anatsitsa kamtolo, n'kugwada, n'kuwomba m'manja mwaulemu ngati masiku onse. Kuwombako kunamveka mosiyana ndi kale.

"Ndamva, bambo," anatelo. Kenako anatembenukila kwa ine. Sanandikumbutse kanthu. Anangoti, "Agness, kanditengele kapoto kanga ndi mbale."

"Mbale imeneyo ipite ndithu," anatelo azakhali. "Isatsale pano."

Ndinalowa m'khitchini. Mbale ija inali payokha pamwamba pa thumba la makala, yovundikila, kamtanda kali m'mwamba. Pamoto wozima panali mbatata zophika zimene atate anasiya m'mawa. Amai sanadye kanthu chichokeleni ku Nyimba, ndipo panalibe amene anawapatsa ngakhale madzi. Ndinaika mbatata ziwili m'mbalemo. Imodzi inagubudukila pansi, ine n'kuitola, n'kuipukuta.

Ndinadutsa pakati pa bwalo, n'kukakhala pansi pambali pa amai, phewa langa likugunda lawo. "Idyani, amai."

Ananyema mbatata ndi zala zawo zitatu. Ine ndinatenga chidutswa chimene chinatsala m'mbale, pomwe zala zawo zinagwila, n'kuchiika m'kamwa.

"Agness!" anakuwa azakhali. "Alongo, mukumuona mwanayu?"

Mbatata inali youma, inandikakamila pakhosi pomwe mawu amaimila. Ndinameza. Ndinayang'ana atate kumaso, chinthu chimene sindinachitepo chibadwile.

"Atate, ine ndinaona ndi maso anga. Si khate. Ndi tamoyo ta m'madzi a padziwe, tinalowela pabala la chitini lija. Sitichoka kwa munthu kupita kwa munthu. Amai akadakhala m'nyumba muno, n'kumasamba madzi a pachitsime ngati ife tonse, mwina bwenzi zala zawo akadali nazo. Koma munawatuma kudziwe. M'mawa ndi madzulo ankaviika bala m'madzi a ng'ombe, chifukwa munavomeleza ndinu, ndipo iwo amakumvelani. Anavomela kudulidwa kuti abwele kwawo. Ali m'chipatala ankayesa kusoka kuti adzamalize nsalu ili pazenela lanuyo."

"Tamumvani a dokota a Fomu 3..."

"Azakhali, sindinamalize." Mawu anga anatuluka okwela moti ndinadabwa nawo ndekha. "Atate, inu khate simukuliopa. Mukadaliopa simukadati pang'ono chabe. Mukuopa pakamwa pa azakhali ndi maso a anthu ali kumpandawo. Kudimba munatinso mpaka tione, ndipo taona. Ine ndadya m'mbale iyi pamaso panu. Ngati amai ndi wakhate, nanenso ndine wakhate, tengani msomali mulembe mtanda pambale yanga. Ndikupita nawo ku Ndake. Sukulu ikatsekela musandidikile pano. Mukadzafuna kundiona, mudzabwele komwe kuli amai, ndipo mudzadye nafe m'mbale imeneyi."